"Wabwera" ndi "He Has Come": Lamulo Limene Tidalilandira Osaliyesa

M'chaka cha 1900, John Chilembwe atabwerako ku Lynchburg, Virginia, adakhazikitsa mishoni ya Providence pa Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ndipo m'sukulu zake ana adaphunziramo Chingerezi. Papita zaka zoposa 120, koma mwana wa m'bomali, kaya makolo ake ndi Ayao, Alomwe kapena Anyanja, amapunthwa posankha pakati pa "he came" ndi "he has come". Ife tikuti mwala wompunthwitsawo tidauika panjira ndife aphunzitsi.

Lamulo limene limamveka kaŵirikaŵiri m'kalasi ndi ili: "he has come" ndiye "wabwera", pamene "he came" ndiye "adabwera", kapena "anabwera" monga anenera anthu a ku Chiradzulu. Lamuloli nlosavuta kuloŵeza, koma likuperewera pa zifukwa zitatu.

Choyamba, mlendo tikamfunsa kuti, "Mwabwera liti?" amayankha kuti, "Ndabwera dzulo," ndipo palibe amamdzudzula, chifukwa mlendoyo akadali pakati pathu. Koma Chingerezi sichilola "have" kuyenda ndi mau otchula nthaŵi imene idatha. Chimafuna "I came yesterday". Mwana wotsata lamulo lathu amalemba "I have come yesterday", ife nkumcheka ndi inki yofiira. Kulakwa kwake nkwakuti adatimvera.

Chachiŵiri, aneni ena monga "wagona", "watopa" ndi "wavala" amanena za mmene munthu alili tsopano lino. Mai akati, "Mwana wagona," akutanthauza "the child is asleep". Koma "the child has slept" angamveke ngati mwanayo wadzuka kale.

Chachitatu, "adapita ku Limbe" kaŵirikaŵiri amasonyeza kuti munthuyo sadabwerere, tanthauzo loyandikira "he has gone", pamene "adaapita" amasonyeza kuti adabwerako. Kusiyana kotereku Mark Hanna Watkins adakufotokoza mu 1937 m'buku lake la malamulo a Chicheŵa, limene adalemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda. Tsoka lake nlakuti kalembedwe kathu ka masiku onse sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mau, motero zimene khutu limamva diso silizipeza m'buku.

Gwero la zonsezi nlakuti zinenero ziŵirizi zimafunsa mafunso osiyana. Chingerezi chimafunsa kuti: kodi nthaŵi imene tikunenayo idatha kapena sidathe? Chicheŵa chimafunsa kuti: kodi zotsatira za ntchitoyo zilipobe? Mayankho ake nthaŵi zina amakumana, nchifukwa chake lamulo lija limaoneka ngati loona. Koma pamene asemphana, mwana alibe pogwira.

Ena adzati mankhwala ake nkuchotseratu Chicheŵa m'kalasi. Msonkhano wa Malawi Congress Party wa 1968 utasankha Chicheŵa kukhala chinenero cha fuko, ana ankaphunzira m'Chicheŵa mpaka Sitandade 4, nkuyamba kuphunzira m'Chingerezi mu Sitandade 5. Mu 2014 Unduna wa Zamaphunziro udalengeza kuti Chingerezi chiyambire mu Sitandade 1. Ife sitikuona kuti kusuntha chaka nkumene kungachotse vutoli. Chicheŵa tingachitulutse pakhomo la sukulu, koma m'mutu mwa mwana chitsalamo, ndipo adzapitiriza kuyezera Chingerezi pa muyeso wake, popanda womuongolera.

Tisaiŵalenso kuti eni Chingerezi samvana okhaokha. Munthu wa ku London amafunsa kuti "have you eaten yet?" pamene wa ku New York angathe kunena "did you eat yet?" Wocheka mayeso ayenera kusiyanitsa chimene onse amachikana ndi chimene ena amachilola, pakuti wolephera Chingerezi salandira setifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi.

Pempho lathu kwa okonza maphunziro ndi ili: m'sukulu zophunzitsa aphunzitsi, nthaŵi za aneni a Chicheŵa ndi a Chingerezi ziziphunzitsidwa pamodzi, poyera, ndi zitsanzo zosonyeza pamene zisemphana. Mphunzitsi alembe pabolodi "Ndabwera dzulo", pambali pake alembe "I came yesterday", kenaka afunse ana chifukwa chake ziganizo zonse ziŵirizo zili zolondola.