Mpope wa ku Soho ndi Zitsime za ku Kanyama

Mabuku ambiri a mbiri yakale amene timaphunzira kusukulu amakamba za mafumu, nkhondo ndi mapangano. Buku la Steven Johnson lochedwa The Ghost Map, limene linatuluka mu 2006, likamba za dzenje limodzi la zonyansa ndi citsime cimodzi. Nkhani yake inacitikira ku London mu 1854, koma wacinyamata wa ku Kanyama, George kapena Chawama akaliwerenga adzaona ngati wolembayo anayendapo m'komboni mwathu nthawi ya dzinja.

London wa nthawi imeneyo anali ndi anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo nyumba zambiri zinali kutaya zonyansa m'maenje okumbidwa pansi pa nyumba kapena kuseri. Johnson ayamba ndi amuna amene anali kukapa maenje amenewa usiku, ndipo awalemba mwaulemu ngati anthu amene anali kusunga moyo wa mzinda. Ife timawaseka anyamata okapa zimbudzi akamadutsa ndi migolo yao. Mutu woyambawo ungaticititse manyazi pang'ono.

Kumapeto kwa August 1854 kolera inabuka m'dera la Soho. M'masiku khumi anthu oposa 500 anafa, ndipo mliri utatha akufa anali 616. Akuluakulu a zaumoyo anati cimene cikupha anthu ndi mpweya wonunkha. Ganizo limeneli linali lakalekale, locokera m'nthawi ya Hippocrates, sing'anga wa ku Greece amene anakhalako zaka zoposa 2,000 m'mbuyomo. Ngakhale dzina lakuti malaria likucokera ku mau a Citaliyana otanthauza mpweya woipa. Florence Nightingale, amene caka comweco anapita kukasamalira asilikali pa nkhondo ya ku Crimea, kumene matenda anapha asilikali ambiri kuposa zipolopolo, nayenso anali kukhulupirira za mpweya. Apa ndipo buku likoma kwambiri, cifukwa silionetsa anthu amenewa ngati zitsiru. Anali ophunzira, ofunira osauka zabwino, koma mphuno zinawanamiza. Edwin Chadwick, pofuna kuthetsa fungo, analimbikitsa kuti zonyansa za m'nyumba zizitsikira mu mtsinje wa Thames, momwe anthu ambiri anali kumwa.

Dokotala John Snow anali kukaikira madzi. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene akufawo anali kutunga, ndipo mayankho ambiri analoza mpope wa pa Broad Street. Anchito a pa fakitale ya mowa ya mumseu womwewo sanadwale, pakuti sanali kumwa madzi a pa mpopewo. Mai wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, anafa cifukwa anali kuwakonda madziwo ndipo anali kumutumizira m'botolo. Pa 8 September akuluakulu a deralo anacotsa cogwirira ca mpope.

Ambiri nkhaniyi amaithera pamenepo, ndipo Snow amatsala ngwazi yekha. Cimene ndikumuyamikira Johnson ndi cakuti anabweza munthu waciwiri amene mbiri inamuiwala: Henry Whitehead, mbusa wacinyamata wa chalichi ca St Luke's, wa zaka 29. Whitehead sanali kukhulupirira Snow, ndipo anayamba kufufuza ndi colinga comutsutsa. Koma iye anali ndi cimene dokotala analibe. Anali kudziwa mabanja a m'dera lake ndi maina ao, anali atakhala pambali pa odwala ao, ndipo anatha kulondola ngakhale aja amene anathawa mliri. Pofunsa akufa ndi opulumuka omwe, anapeza kuti manambala akugwirizana ndi Snow, ndipo anavomera. Ndiye amene anapeza ciyambi ca mliri: khanda la pa nyumba nambala 40, limene mai wake anali kutaya madzi ocapira matewera m'dzenje la kutsogolo kwa nyumba. Atakumba anapeza kuti njerwa za dzenjelo zinali zitaphwanyika, ndipo kucoka pa dzenje kufika pa citsime sipanakwane ngakhale mita imodzi.

Anzanga a m'magulu a acinyamata, ife ndife amene timadziwa nyumba imene muli agogo okhala okha, banja limene likutunga pa citsime cosaya cifukwa ndalama ya madzi a pa mpope yasowa, ndiponso cimbudzi cimene cimasefukira mvula ikagwa. Kanyama wakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mphako, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Zimene zalowa m'cimbudzi ca mnansi sizicedwa kufika m'citsime cako, ngakhale madziwo aoneke oyera. Madzi a pa Broad Street naonso anali kuchuka kuti ndi oyera ndi okoma.

Koma bukuli lili ndi zofooka, ndipo si zazing'ono. Mutu wotsiriza wacoka pa kolera n'kuyamba kulingalira za tsogolo la mizinda ikuluikulu, mabomba a nyukiliya ndi zigawenga. Ndi nkhawa za munthu wa ku New York pambuyo pa 2001, ndipo masamba amenewo ndi otopetsa. Makomboni ngati athu amachulidwa mongodutsa, ngati citsanzo ca mfundo ya wolemba, pomwe ndi kumene nkhani ya Broad Street ikali kucitika.

Masamba amenewo akanawapatsa India. Mliri woyamba wa kolera wofalikira maiko ambiri unayambira ku Bengal mu 1817, ndipo asilikali a Britain pamodzi ndi zombo za malonda anathandiza kuunyamula. Kumeneko ndi kumenenso mankhwala osavuta a kolera anaonetsa mphamvu yao, pakati pa nkhondo. Mu 1971, pa nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, anthu mamiliyoni anathawira ku India, ndipo kolera inabuka m'misasa. Pa msasa wa Bangaon madiripi anatha. Dokotala Dilip Mahalanabis anasakaniza mcere ndi shuga m'migolo ya madzi oyera, nauza acibale a odwala kuti aziwamwetsa ndi makapu. Pamene anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse odwala anali kufa, ciwerengeroco cinatsika kufika pansi pa 4. Paketi ya ORS imene amai amalandira ku kiliniki ili ndi mbiri imeneyi. Ndiponso nzeru yotalikitsa zonyansa ndi anthu sinayambire ku London: werengani Deuteronomo 23:12-14, pamene asilikali a Israyeli alamulidwa kukumba kunja kwa msasa ndi kufotsera.

Cina coyenera kusamala ndi cogwirira ca mpope cija. Johnson avomera kuti mliri unali utayamba kale kucepa tsiku limene anacicotsa, ndipo akuluakulu sanacedwe kucibwezera. Snow anamwalira mu 1858 boma lisanamuvomere. Cimene cinathetsa kolera mu London ndi ngalande zazikulu za pansi pa nthaka zimene Joseph Bazalgette anamanga pambuyo pa kununkha koopsa kwa Thames mu 1858, ndipo mliri wotsiriza unali wa 1866. Woliwerenga mothamanga angacoke ndi cithunzi ca cogwirira cabe, cifukwa ndico cokoma kusimba.

Ife a mu Lusaka zogwirira tazicotsa kambiri. Mu January 2018 asilikali anasesa misika, zitsime zosaya zinakwiriridwa, masukulu anacedwa kutsegulidwa, misonkhano ya mapemphero inaletsedwa m'madera okhudzidwa, ndipo ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku mpaka anthu analimbana ndi apolisi. Mliri umenewo unadwalitsa anthu oposa 5,000. Mu October 2023 kolera inabweranso, odwala anagonekedwa mu National Heroes Stadium, ndipo m'dziko lonse anadwala oposa 20,000, akufa oposa 700.

Bukuli lili m'Cingerezi colimbirapo, motero ndi bwino kuti mmodzi awerenge mutu n'kufotokozera gulu m'Cinyanja. Mitu yake yatsata masiku a sabata la mliri, ndipo gulu lokumana Loweruka lililonse lingathe kulimaliza m'miyezi iwiri. Mutu wotsiriza mungaulumphe, ndipo Loweruka limenelo tengani cingwe mukapime mtunda wa pakati pa cimbudzi ndi citsime m'nyumba za m'gawo lanu.