Osamala akavalo a ku Louisville

Mlendo akafika ku Louisville, mzinda wa m'mphepete mwa mtsinje wa Ohio ku America, amathamangira ku bwalo la Churchill Downs, komwe mpikisano wa akavalo wa Kentucky Derby unayamba mu 1875. Liwirolo ndi la mphindi ziwiri zokha basi. Koma ine ulemu wanga ukupita kumakola, kuseri kwa bwalolo. Osamala akavalo amalawirira kusanache, kuwola ndowe, kusambitsa kavalo, kumupesa mpaka ubweya uchite kunyezimira. Kenaka amagwada n'kumasisita mwendo uliwonse mofatsa, kufufuza kutentha kapena kutupa, poti chinyama cha makilogalamu pafupifupi 500 chimathamangira timiyendo towonda zedi. Kawirikawiri dzanja lawo limazindikira vuto dokotala asanaitanidwe. Ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Mexico ndi Guatemala, ndipo ena amagona komweko kumakolako.