Mfiti ndi Mcape: Kuunikanso Buku la Marwick

Colinga cathu m'nkhani ino ndi kuunikanso buku la Max Marwick lochedwa Sorcery in its Social Setting, limene linasindikizidwa mu 1965 pambuyo pa kafukufuku wake pakati pa Acewa a m'dera la Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Tifuna kuonetsa kuti bukuli linafotokoza bwino za ubale, koma linapeputsa mphamvu ya mau.

Mfundo yaikulu ya Marwick ndi yakuti kunenezana ufiti sikucitika mwacisawawa. Kumabuka makamaka pakati pa abale a mbumba imodzi pamene alimbirana unkhoswe, ufumu kapena cuma ca masiye. Popeza mwambo sulola abale otere kutengerana kubwalo la milandu, mkwiyo umasungidwa mumtima kufikira matenda kapena imfa zitapereka mpata. Pamenepo kunenezana kumadula ubale ndipo mudzi umagawikana. Pa mfundo iyi tigwirizana naye.

Pamene tisiyana naye ndi pa kamasulidwe. Polemba za Azande a ku Sudan mu 1937, Evans-Pritchard anasiyanitsa ufiti wobadwa nao ndi ufiti wa mankhwala. Marwick anatsata malire amenewa, namasulira mfiti ndi liu limodzi la Cingerezi lakuti sorcerer. Koma iye mwini analemba kuti Acewa amasiyanitsa mfiti yeniyeni, yodya maliro, ndi mpheranjiru, wopha cifukwa ca dumbo. Wonenedwa kuti ndi mpheranjiru akali munthu wolakwa. Wonenedwa kuti amadya maliro wacotsedwa kale pakati pa anthu. Liu limodzi la Cingerezi silingasenze kusiyana kumeneku.

Cofooka cimeneci cimaonekera kwambiri tikafika pa kusaka mfiti. Mu 1934 Audrey Richards anaona pakati pa Abemba gulu la Mcape, locokera ku Nyasaland, limene linali kuzindikira mfiti ndi kalilole, kusonkhanitsa nyanga ndi kumwetsa anthu mankhwala. Dzinali likucokera ku mneni kucapa. Pamene mudzi ucapidwa payenera kupezeka litsiro, ndipo litsirolo ndi munthu. Marwick analemba mu 1950 za gulu lofanana nalo la Bwanali ndi Mpulumutsi, koma funso lake linali lakuti gululo licitira ciani mudzi, osati lakuti mau ake acitira ciani wonenezedwa.

Zolembedwa za pambuyo pake zitsimikiza kuti funso laciwirili silingazembedwe. Mark Auslander anafotokoza za kusaka mfiti pakati pa Angoni a ku Chipata mu 1988, pamene anyamata anatsogolera ndipo okalamba ndiwo ananenezedwa. Mu 1997 Bawa Yamba analemba za ku Chiawa, kumene anthu 16 anafa atamwetsedwa mankhwala oyesera ufiti pa nthawi imene Edzi inali kupulula anthu. Zonsezi zinacitika ngakhale lamulo la 1914 limaletsa kuchula munthu mfiti.

Pomaliza, tinene kuti buku la Marwick liyenera kuwerengedwabe, koma moyang'anitsitsa mau a Cinyanja amene ali pansi pa Cingerezi cake. Nchito imeneyi ndi yathu ife a zilankhulo. Mphunzitsi amene afotokozera ophunzira kuti kucapa mudzi ndi fanizo, naonetsa amene fanizolo limamusandutsa litsiro, wawapatsa cida cimene bukuli silinapereke.