Mfundo zitatu za Pangano la Harare ndi wowotcherera wa ku Kamwendo

Pangano la Harare, lomwe mayiko a bungwe la ARIPO adagwirizana mu 1982, limati chinthu chimene munthu watulukira chingalandire patenti chikakwaniritsa mfundo zitatu: chikhale chatsopano, chikhale ndi nzeru yoposa yodziwika kale, ndiponso chitheke kupangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'mafakitale. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali m'panganoli. Choncho munthu wa ku Mchinji, boma lochita malire ndi mayiko awiri enawo, angathe kupempha chitetezo m'mayiko onse atatu ndi pempho limodzi, ndipo patentiyo imakhala zaka 20.

Tiyerekeze wowotcherera wa pa Kamwendo amene wapanga makina osendera mtedza osaswa njere. Aliyense wolima CG7 akudziwa kufunika kwake, chifukwa ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe, ndipo chinyezicho chimaitana chuku.

Mfundo yachitatu siingamuvute: makinawo angapangidwe ambirimbiri. Yoyamba ndiyo yoluma. Panganoli limayeza utsopano ndi dziko lonse lapansi, osati ndi msika wa kwanu. Chilichonse chimene chidalembedwa, kugwiritsidwa ntchito kapena kuonetsedwa poyera tsiku lopereka pempho lisanafike, kaya ku India kaya ku Chipata, chimawerengedwa ngati chodziwika kale. Panganolo silipatula ngakhale mwini wake. Akaika makina panja pa shopu kuti akope makasitomala, wadzitsekera yekha khomo. Mpata ulipo wochepa chabe, wa miyezi isanu ndi umodzi, pa zionetsero zovomerezeka ndi boma. Kwa ine iyi ndi mfundo yowawa, popeza mmisiri wa kwathu amadya ndi zimene wagulitsa lero, sangabise katundu kudikira mapepala.

Mfundo yachiwiri ndiyo yozama koposa. Imafunsa ngati nzeruyo ikadabwera mosavuta m'mutu mwa munthu wodziwa bwino ntchito yamtunduwo. Munthu ameneyu sakhala kubwalo la milandu, alibe dzina. Ndi wongoganiziridwa: mmisiri amene adaona makina onse osendera mtedza, koma satulukira kanthu payekha. Kuti loya anene zimene munthu wotereyu angaone ngati zapafupi, ayenera kudziwa yekha mmene mpata wa pakati pa sefa ndi chozungulira umakhudzira njere zazikulu za Chalimbana kusiyana ndi zazing'ono. Malamulo okha samupatsa yankho limeneli. N'chifukwa chake ku Britain ndi ku United States munthu wofuna ntchito yolembera ena mapatenti kawirikawiri amayamba ndi digiri ya sayansi kapena uinjiniya, kenako n'kulemba mayeso a malamulo a patenti.

Ntchito yake yeniyeni ili pa ziganizo zofotokoza chimene chikutetezedwa. Zili ngati malire a munda: ukawakulitsa umalowa m'munda wa mnzako ndipo pempho limakanidwa, ukawachepetsa wina amasintha bawuti imodzi n'kulima pambali pako mosaopa kanthu.

Panganoli lili ndi khomo linanso, la zotulukira zing'onozing'ono, lomwe chitetezo chake ndi cha zaka 10 ndipo miyeso yake ndi yofewerapo. Ndiye loyenera amisiri ambiri a m'matauni athu, koma ndi ochepa amene adalimvapo, pakuti palibe wowawerengera mawuwa m'chilankhulo chawo.

Inu amene mukuphunzira sayansi ku MUST, ku LUANAR kapena ku MUBAS, dziwani kuti labotale si njira yokhayo. Ena mwa inu aphunzirenso malamulo a patenti, abwere akhale pansi ndi amisiri a ku Kamwendo, ku Kapiri ndi ku Mkanda makina awo asanatuluke panja pa shopu.