Mzere Umodzi mu .bashrc

Ndimakonda kuonerera munthu wodziwa Linux kompyuta ikamuyankha kuti `command not found`. Pulogalamu waiika kumene ndi `pip install --user`, yalowa bwinobwino, koma akalemba dzina lake kompyuta ikukana kuti siikuidziwa. Woyamba kumene amathamangira kuikanso, mwina n'kuwonjezerapo `sudo` kuti akakamize. Katswiri amayamba wadzifunsa kaye: fayiloyi yagwera foda iti, nanga shell ikuisaka kuti?

Amalemba `echo $PATH`, n'kutuluka mzere wautali wa mafoda olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri, monga `/usr/local/bin:/usr/bin:/bin`. Shell imasaka kuyambira kumanzere, ndipo ikangopeza dzinalo siipitirira. `PATH` yotereyi idabwera ndi Unix Version 7 mu 1979, pamodzi ndi shell ya Stephen Bourne wa ku Bell Labs, ndipo mpaka lero ikadali yomweyo. Apa vuto laoneka kale: pip yaika fayilo mu `~/.local/bin`, foda yomwe pa mzerewo palibe.

Ndiye amatsegula `.bashrc` n'kulembamo:

`export PATH="$HOME/.local/bin:$PATH"`

Chimene chimandigometsa ndi kachidutswa kakumapetoko, `:$PATH`. Kakutanthauza kuti zonse zomwe zinalipo zikhalebe, ife tangowonjezerapo. Mukakaiwala, mndandanda wonse wapita, moti ngakhale `ls` yeniyeniyi imasowa, munthu n'kugwira njakata poganiza kuti waononga kompyuta. Kuikanso foda yatsopanoyo kutsogolo sikungochitika mwamwayi. Ngati muli ma `python3` awiri, wakutsogolo ndi amene adzayankhe, choncho katswiri amalemba `type -a python3` kuti awaone onse mmene andandalikidwira asanasankhe woti atsogole. Saganizira chabe, amafunsa shell yomweyo.

Pali kanthu kenanso komwe ambiri sakadziwa. Bash imasunga malo omwe idapezapo pulogalamu koyamba, ndiye mukaisuntha imapitabe kukagogoda pakhomo lakale ngati mlendo amene sadamve kuti mudasamuka. Wodziwa amangolemba `hash -r`, basi yaiwala.

Akatha zonsezi sanyamuka msanga. Amatseka terminal, n'kutsegula ina, n'kuyesanso, chifukwa `export` yolembedwa pamanja imathera pawindo lomwelo, ndipo `.bashrc` imawerengedwa pamene shell ikuyamba. Kwa ine apa ndi pamene pamaonekera munthu wosamala ntchito yake: amafuna kuti mwini kompyutayo akadzaiyatsa mawa asadzapezenso vuto lomwe lija.

Inu a Mac, samalani ndi fayilo yomwe mukulembamo. Kuyambira pa macOS Catalina mu 2019 shell yobwera nayo ndi zsh, yomwe imawerenga `.zshrc`, ndipo pa makompyuta a tchipi cha Apple, Homebrew imasunga mapulogalamu ake mu `/opt/homebrew/bin`. Musanalembe mzere uja, yambani mwaona `echo $SHELL`.