Chitoliro cha ku Singano: Zaka 35 za Nkhokwe ya Nthano ndi Nyimbo ku Chileka

Munthu akanyamuka kuno ku Lirangwe kuloŵera ku Blantyre, nadutsa pa Lunzu, maso ake amakhala atatsogola kale ku mzinda. Ndi oŵerengeka amene amakumbukira kuti cha kudzanja lamanja, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka, kuli mudzi wotchedwa Singano, umene dzina lake lidalembedwa m'mabuku a maphunziro a nyimbo ku maiko akutali. M'mudzi umenewu, m'chaka cha 1989, a Moya Aliya Malamusi pamodzi ndi mlongo wawo a Lidiya Malamusi adayambitsa bungwe lotchedwa Oral Literature Research Programme, ndiye kuti ntchito yofufuza ndi kusunga nzeru zimene makolo athu sadalembe koma ankapatsirana pakamwa: nthano, miyambi, zilapi, nyimbo ndi magule. Mu 2024 bungweli lidakwanitsa zaka 35. Ife ambiri chakacho chidatidutsa osadziŵa, monga m'mene timadutsira njira ya ku Singano. Tikulemba tsono ngati anthu ofika pa ukwati mbale zitatsukidwa kale, koma tili ndi mphatso yathu m'manja, ndiponso mawu ena oŵaŵa pang'ono.

Nkhani ya bungweli siyambira mu 1989. Muzu wake ndi anyamata aŵiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba. Daniel adabadwa mu 1947, ndipo mbali ina ya ubwana wawo anyamataŵa adakhala ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Masiku amenewo nyimbo za kwela zinali pakamwa pa aliyense kumwera kwa Africa. Zidabadwira m'misewu ya Johannesburg, kumene ana osauka ankaimba zitoliro zachitsulo zotsika mtengo, ndipo maina onga Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso adamveka mpaka kuno. Mu 1958 nyimbo ina ya kwela, Tom Hark, idakwera pafupi ndi pamwamba penipeni pa mndandanda wa nyimbo zokondedwa ku Britain. Azibambo athu amene ankapita ku migodi pa Wenela ankabwerako ndi magalamafoni, mbale za nyimbo ndi magitala, kotero kuti kwela adafika m'midzi mwathu ali m'sutikesi imodzi ndi bulangete ndi jekete.

Mu 1967 katswiri wina wa maphunziro a nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, adaŵapeza anyamata a kwa Kachamba akuimba ku Blantyre. Adaŵajambula mawu ndi kanema, ndipo ubwenzi umene udayamba pamenepo udakhala wa moyo wonse. Mu 1972 adayamba maulendo okaimba kunja. Mu 1974 buku lonena za gulu lawo, The Kachamba Brothers' Band, lidasindikizidwa pansi pa Yunivesite ya Zambia. Paja akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Komabe tiyenera kunena mosabisa kuti mlendoyo sadaphunzitse anyamatawo kuimba. Adaŵapeza akuimba kale, ndipo patapita nthaŵi ndi iyeyo amene adakhala wophunzira, naloŵa m'gulu la Donald kumaimba klaneti.

Tsono kodi m'nyimbo zimenezi muli chiyani choti munthu n'kuwolokera nyanja? Alipo ena pakati pathu amene amanena kuti kwela si wathu, ngwobwereka, ndipo a Kachamba ankangotsanzira za ku South Africa. Ife sitigwirizana nawo, ndipo chifukwa chathu chili m'makutu. Mverani gitala ya Daniel m'nyimbo yonga Dolosina Lumba. Chala chachikulu chikuyenda pa nsambo zammunsi, chala chamkombaphala chikuyankha pa nsambo zammwamba, ndipo mawu a munthuyo akudutsa pakati, osapondana ndi chilichonse. Chimene mukumvacho ndi chimene amachita amayi aŵiri osinja mu mtondo umodzi: munsi wina ukatsika, wina ukukwera, ndipo khutu limamva nyimbo yachitatu imene palibe mmodzi mwa iwo akuiimba yekha. Munthu womva gitala imeneyi koyamba amalumbira kuti oimba alipo aŵiri kapena atatu. Luso lotere silichokera m'mbale ya galamafoni. Lidali kale m'bangwe, m'sansi ndi m'ulimba, ndipo Daniel adangolisamutsira pa chipangizo chatsopano. N'chifukwa chake sinjonjo, lumba ndi hauyani zikachoka m'manja mwake zinkamveka za ku Chileka, ngakhale maina ake anali a kutali. Anthu sadalakwe pomutcha Dokotala.

Chitoliro cha Donald nacho chili ndi chinsinsi chake. Woimba kwela saika chitoliro pa milomo chabe monga amachitira mwana wa sukulu. Amachiloŵetsa m'kamwa ndithu, nachipendeketsa cha ku tsaya, kuti m'kamwamo mukhale ngati chikho chimene chimapachikidwa pansi pa ulimba kuti mawu akule. Akatero, kachitsulo kolira mopyapyala kamayamba kulira monenepa, ndipo woimbayo amatha kupinda liwu, kulitsitsa kapena kulikweza pang'ono, monga amachitira munthu polira maliro kapena poseka mnzake. Njirayi idayambira ku South Africa, sitikana. Koma ife tikuganiza kuti idamera msanga kuno chifukwa nthaka idali yolimidwa kale: agogo athu oimba mkangala ankadziŵa kalekale kuti m'kamwa mwa munthu ndi mbali ya choimbira. Pansi pa chitoliro ndi gitala pamakhala babatoni, bokosi la ndodo ndi chingwe chimodzi, ndiponso maseche osunga mayendedwe. Zipangizo zonse za gululi munthu akhoza kuzinyamula pa njinga imodzi.

Tisakokomeze. Nyimbo za kwela zimazungulira pa kanjira kafupi, kubwerera pomwepo kaŵirikaŵiri, ndipo munthu wongokhala pa mpando n'kumamvetsera kwa ola lathunthu akhoza kutopa nazo. Zidapangidwira mapazi. Pamene zidachoka pa fumbi la pa msika n'kukaloŵa m'nyumba zazikulu za ku Ulaya, kumene omvera amakhala chete mpaka nyimbo itatha, zidapeza ulemu koma zidasiya ovina kumbuyo. Pomvera zojambulidwa za m'zaka zakumapeto, ife timaona kuti luso lidakhwima, koma kamoto kena ka anyamata a mu 1967, oimba kuti apeze chakudya cha tsikulo, sikamvekanso chimodzimodzi. Mwina limeneli ndi vuto la makutu athu okalamba.

Daniel adamwalira mu 1987. Chaka chomwecho ku Zomba kudatuluka buku lotchedwa Malawian Music: A Framework for Analysis, limene Kubik adalemba mothandizana ndi a Moya, a Lidiya ndi Donald. Tikalipenya bukuli timaona kuti ana a ku Chileka, amene poyamba anali ojambulidwa, tsopano anali atagwira okha makina ojambulira ndi cholembera. Patangopita zaka ziŵiri bungwe lija lidabadwa. Kwa ife apa ndiye pagona ulemu wake waukulu. Kwa nthaŵi yaitali, ofufuza za chikhalidwe chathu ankachokera kunja, natifunsa mafunso kudzera mwa womasulira, nabwerera kwawo ndi mayankho. A Malamusi adayenda m'midzi ya ku Chigwa cha Shire ndi madera ena ngati mwana wa pakhomo, wodziŵa kukhala pa mphasa, wodziŵa kuti nkhalamba siifunsidwa funso lolunjika isanathe kupereka malonje. Adajambula oimba bangwe, mauta oimbira pakamwa, ulimba ndi zitoliro za ngororombe, nalemba maina a oimbawo mmodzimmodzi. Chimenechi chisaoneke chochepa. M'mabuku ambiri akale nyimbo zathu zidalembedwa kuti ndi za "mtundu wakutiwakuti," ngati kuti zidagwa ndi mvula. M'zolemba za a Malamusi muli anthu: Mario Sabuneti ndi ng'oma zake zisanu ndi zitatu, Sakha Bulaundi ndi gulu lake la zitoliro. Zina mwa zojambulazo zidatuluka mu 1999 pa chimbale chotchedwa From Lake Malawi to the Zambezi. Ku Singano komweko adamanganso nyumba yosungiramo zipangizo zamakolo, yotchedwa Jacaranda. A Malamusi adapitiriza maphunziro mpaka kulandira digiri ya udokotala ku Yunivesite ya Vienna.

Chaka cha 2001 chidali choŵaŵa ku Chileka. Mu Januwale adamwalira Donald Kachamba, amene chakumapeto kwa 1999 adakhala akuphunzitsa kwela pa yunivesite ina yaikulu ku Los Angeles. Mu Novembala adamwalira Evison Matafale, mtsogoleri wa Black Missionaries, gulu la ku Singano komweko. Taonani tsono m'mene tidagaŵira chikumbutso chathu. Matafale takhala tikumukumbukira ndi chinamtindi cha anthu ku Chileka mwezi wa Novembala, ndipo nyimbo zake za m'zimbale za Kuimba mwana aliyense amazidziŵa. Zimenezo n'zoyenera, sitikuchitira nsanje akufa. Koma funsani achinyamata a pa msika wa Lirangwe kuti Donald Kachamba anali yani, muone m'mene akuyang'anirana. Gulu lake silidafe naye. Anyamata amene iye adaŵaphunzitsa, monga Sinosi Mlendo ndi Christopher Gerald, adanyamula chitoliro ndi gitala, napitiriza pansi pa dzina la Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazzband. Koma manja ambiri amene adaŵaombera anali a ku Ulaya.

Apa ndi pamene tiyenera kulankhula ndi bungwe lathuli monga abale. Nkhokwe ndi yabwino, koma nkhokwe imamangidwa kuti ana adye. Zambiri zimene zidalembedwa za oimba athu zili m'Chingerezi ndi m'Chijeremani. Chimbale cha mu 1999 chija chidasindikizidwa ku Frankfurt. Zojambula zambiri za Kubik zimasungidwa ku Vienna, m'nyumba yosungiramo mawu imene idakhazikitsidwa mu 1899. Tikuthokoza kuti zili pamalo osafika chiswe ndi chinyontho, pakuti tikudziŵa m'mene matepi ndi mapepala amathera m'nyumba zathu. Koma mdzukulu wa woimba bangwe uja, amene mawu a agogo ake amamvedwa ndi ophunzira a ku Austria, adzaŵamva liti iye? Ngakhale dzina lenileni la bungweli mayi wa kumudzi sangalitchule popanda kupunthwa lilime. Tikadakonda kuona timabuku tating'ono ta m'Chicheŵa, totsika mtengo, tokhala ndi nthano ndi mbiri ya oimba ameneŵa, tofika m'manja mwa aphunzitsi a m'sukulu za pulaimale za ku Chileka, ku Lunzu ndi kuno. Ku Mua, malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, adaonetsa kuti nyumba yosungira za makolo ingathe kukhalanso bwalo limene anthu a m'midzi yozungulira amasemerapo ndi kuvinirapo. Zoonadi, Kungoni idatsamira pa mishoni yakale, pamene a ku Singano adatsamira pa banja limodzi ndi abwenzi oŵerengeka. Poŵayerekeza tiyenera kukumbukira kusiyana kumeneko.

Ndipo chala chimene tikulozera ku Singano, zala zina zitatu zikuloza ife. Ndani adaletsa makolo a kuno kutenga ana awo kukaona zipangizo zimene zidasonkhanitsidwa kumeneko? Ndani adalamula kuti pa ukwati ndi pa chinkhoswe tizibwereka zokuzira mawu zogonthetsa m'khutu, woimba bangwe wa m'mudzi mwathu momwe atakhala kumbuyo kudikira nsima? Ngakhale m'makwaya mwathu, ng'oma ndi maseche, zimene akulu athu adazilandira ndi chimwemwe pamene zidaloledwa kuloŵa m'tchalitchi, tikuzikankhira pakona chifukwa cha kiyibodi imene imadziimbira yokha. Madzulo, nthaŵi imene agogo ankati "Padangotero," ana n'kuyankha kuti "Tili tonse," lero nyumba ili zii, aliyense waŵeramira foni yake. Nthano imafa mosiyana ndi munthu: palibe belu, palibe mwambo wa maliro. Imangopezeka kuti amene ankadziŵa kanyimbo ka pakati pake adaikidwa chaka chatha, ndipo otsalafe tikukumbukira chiyambi chokha.

Chodabwitsa n'chakuti foni yomweyo ili ndi mphamvu yoposa makina olemera amene a Malamusi ankayenda nawo m'midzi. Mwana wa Fomu 2 angathe kukhala pansi ndi agogo ake, kujambula nthano zitatu, kulemba dzina la wokambayo, mudzi wake, tsiku, ndi amene adamphunzitsa nthanoyo. Imeneyo ndiyo njira imene a ku Singano adatsata kwa zaka zonsezi, ndipo siifuna digiri. Imafuna kudekha, ndi ulemu wopempha chilolezo kwa mwini mawu. Mphakati uliwonse utasonkhanitsa nthano khumi pa chaka, aphunzitsi athu sakadasoŵa choŵerengera ana.

Chaka cha 2027 ndi cha 60 chikumanirane Kubik ndi anyamata a kwa Kachamba, ndiponso cha 40 chimwalirire Daniel. Ngati padzakhala mwambo, ife tikupempha kuti usadzayambe ndi zokamba za alendo olemekezeka. Udzayambe ndi babatoni pa bwalo la fumbi, pakhale malo okwanira ovina, ndipo zitoliro zingapo zidzaperekedwe kwa ana a sukulu kuti ayese kuziloŵetsa cha ku tsaya. Kuchoka pa Lirangwe kukafika ku Singano si ulendo wogonera: munthu atanyamuka m'maŵa amakafika dzuŵa lisanatenthe, ndipo abwerako nkhuku zisanaloŵe m'khola.