Nthondo ndi Nthano za Madzulo

Wowerenga wa ku Nyampande wofuna buku loyambira asalumphe Nthondo, limene Samuel Ntara analemba, nililandira mphotho m'caka ca 1933. Nthondo ndiye mwana wosamvera ndi wakuba, amene pambuyo pace alowa ufumu, natembenuka mtima. Kutembenukako kudza mofulumira ndithu, monga ngati mlembi anamva belu la Misyoni lirikumuitana. Koma maleredwe a mwana, maliro ndi milandu wazilongosola mwaluso, kotero kuti ngakhale Mnsenga adzazindikiramo mudzi wa kwao. Akatha limeneli afunefune nthano za Julius Chongo, zija zinamveka pa wailesi ya Zambia pa Poceza M'madzulo. Zina zinasindikizidwa, ndipo zikoma koposa wina akamawerenga mokweza, anzace alikuotha moto.